Lain: katuni ya ku Japan yomwe yatikanganitsa pakhonde ku Kasungu

[Chithunzi: mawaya a magetsi m'mbali mwa msewu wa M1, phiri la Kasungu likuoneka chapatali]

Tamvani kaye kaphokoso aka. Ngati munaimapo pansi pa thiransifoma dzuwa lili paliwombo, mukukadziwa. Ambirife timangokadutsa. Koma ku Japan kunapezeka anthu amene anatenga kulira kwa mawaya kumeneku n'kukuika pafupifupi m'gawo lililonse la katuni yawo, ndipo katuniyo yatikanganitsa pakhomo pathu kwa masabata atatu tsopano.

Dzina lake ndi Serial Experiments Lain. Ndichenjezeretu: ndiulula mathero. Ngati mukufuna kudzionera nokha kaye, imitsani pompano, mudzabwere mukamaliza. Komanso musanyengeke poti ndi katuni n'kuwatsegulira ana. Muli kudzipha, muli mfuti, muli mankhwala ozunguza bongo.

Inaonetsedwa koyamba pa TV Tokyo m'chaka cha 1998, kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, pakati pa usiku anthu ambiri atagona. Ili ndi magawo 13, lililonse lopitirira pang'ono mphindi 20. Analemba nkhaniyi ndi Chiaki J. Konaka, anaitsogolera ndi Ryutaro Nakamura, ndipo nkhope ya Lain, ya maso aakulu ndi katsitsi kolendewera mbali imodzi, anaijambula ndi Yoshitoshi ABe. Chakacho muchisunge m'mutu. Google inakhazikitsidwa mu Sepitembala wa 1998 yemweyo. Facebook inadzabwera 2004, WhatsApp 2009. Kwathu kuno ngakhale TVM inali isanayambe, inadzatsegulidwa 1999.

[Chithunzi: Lain atakhala yekha kuchipinda, atavala zovala zogonera zonga chimbalangondo]

Nkhani ikuyamba chonchi. Mtsikana wina wapasukulu, Chisa Yomoda, wadziponya kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja. Patapita masiku, anzake akuyamba kulandira maimelo ochokera kwa iyeyo. Mmodzi mwa olandirawo ndi Lain Iwakura, wazaka 14, wamanyazi, wosakonda n'komwe makompyuta. Uthengawo ukumuuza kuti Chisa sanafe, wangosiya thupi, tsopano akukhala mu Wired, ndipo Mulungu ali komweko. Wired ndi dzina lawo la chinthu chofanana ndi intaneti yathuyi.

Lain akupempha bambo ake kompyuta yatsopano, yomwe mukatunimu amaitcha Navi. Pang'ono ndi pang'ono chipinda chake chikudzaza mawaya, mapaipi oziziritsira makina, madzi akudontha pansi. Anzake nawo akumuuza kuti anamuona ku malo ovinira otchedwa Cyberia, akulankhula mwamwano, wopanda manyazi. Iye sanapiteko. Pambuyo pake akutulukira Lain winanso wachitatu, woseka monyoza, amene akufalitsa zinsinsi za anthu. Ndipo zikufika poti banja lake lomwe, mayi ndi bambo, zikudziwika kuti anangoikidwa kuti azichita ngati makolo ake.

Ife tinaonera pa laputopu ya mphwanga, pakhonde, magawo awiri usiku uliwonse magetsi akalola. Tinayamba anthu asanu. Woyamba kuthawa anali mlamu wanga, wa kabaza wa njinga yamoto. Gawo lachiwiri lisanathe anali akuliza mkonono. M'mawa mwake anandifunsa kuti, "Alamu, filimu imeneyi itapita ku vidiyo sho, DJ angamasulire chiyani? Anthu ake sakuyankhula." Ndinaseka, koma funsolo ndi lanzeru. Ife tinakula ndi mafilimu oti womasulira sapuma, amatseka mpata uliwonse ndi nthabwala, mpaka kukuuza kuti uyu ndiye mwini filimu, uyu afa posachedwa. Lain amakusiya wekha. Mtsikana amatuluka m'nyumba, amatsika masitepe, msewu uli mbee, mithunzi ili ndi timadontho tofiira, mawaya akulira, palibe wokuuza tanthauzo lake. Ndiye ngati wina akuuzani kuti katuniyi ndi yotopetsa, musamunyoze kuti ndi mbuli. Pakati pake pali magawo amene ngakhale ine ndinayang'ana nthawi pafoni.

Mphwanga, amene ali Fomu 4, anali mbali inayo. Kwa iye Lain ndi ulosi. Anthu a 1998 anadziwa bwanji, amatero, kuti munthu adzakhala ndi nkhope zingapo pa intaneti, kuti ana adzakhala maso ali pa makina tsiku lonse, kuti mphekesera idzayenda mofulumira kuposa mwini wake?

Apa ndimamutsutsa pang'ono. Sanalote. Anawerenga. Gawo la 9 limaima n'kusanduka ngati phunziro la mbiri, n'kukuonetsa Vannevar Bush, wasayansi wa ku America amene mu 1945 analemba za makina otchedwa memex, osungira ndi kulumikiza zonse zimene munthu wawerenga. Limakuonetsanso Ted Nelson ndi ntchito yake ya Xanadu, maganizo oti zolemba zizilozerana zokha, monga timadinira ulalo lero. Koma m'gawo lomwelo akusakanizamo nkhani za zolengedwa za kuthambo zimene akuti zinagwa ku Roswell, ku America, ndi liwu lomwelo, ndi nkhope yomweyo, osakuuza kuti izi n'zoona, izi n'zamabodza. Zili ngati gulu la pa WhatsApp la kwanu lija, pomwe uthenga wa maliro weniweni umabwera motsatizana ndi mankhwala ochiza matenda onse. Chimodzimodzi nkhani ya Schumann resonance. Ndi chinthu chenicheni: mafunde a magetsi amene amazungulira pakati pa nthaka ndi thambo la m'mwamba, pafupifupi ka 7.83 pa sekondi, ndipo dzinalo ndi la wasayansi wa ku Germany amene anawalosera mu 1952. Zoti mafundewo angalumikize ubongo wa anthu onse popanda foni kapena waya, zimenezo ndi za olemba katuni.

Ndipo pali zina zimene anaphonya. Wired yawo bandulo yake siitha. Lain akanabadwira ku Chamama, mulungu wa mu Wired akanamadikira kuti mtsikanayo akwere pachulu apeze netiweki.

[Chithunzi: Masami Eiri, tsitsi lalitali, akuyandama m'malere]

Mulungu ameneyu ndi amene anadzutsa mayi aang'ono, amene mpaka pamenepo ankangotong'ola chimanga osalankhula. Ndi a kumpingo, ndipo kuyambira imelo ya Chisa ija anali atanena kale kuti, "Izi n'zamizimu, ana inu." Mulunguyo ndi Masami Eiri. Anali katswiri pa kampani ya Tachibana, ndipo popanga malamulo atsopano oyendetsera Wired, otchedwa Protocol 7, anabisamo njira yoti iye mwini alowemo n'kulamulira. Atachotsedwa ntchito anafera pa njanji, koma maganizo ake anali atawasamutsira kale mu Wired. Ndiye akuuza Lain kuti thupi ndi lopanda ntchito, kuti iye Lain si munthu koma pulogalamu yovekedwa thupi, ndipo mwini wake ndi iyeyo Eiri.

Ndinkaganiza kuti mayi aang'ono atseka laputopu. Ayi, anasendera pafupi. Chifukwa katuniyi simuombera m'manja Eiri. Umulungu wake umadalira kuti pakhale omupembedza, ndipo omutsatira ake, gulu lobisika lotchedwa Knights, akatha, amatsala akunyengerera kamtsikana kamodzi kuti kamukhulupirire. Lain akumufunsa kuti mphamvu zimene amadzitama nazozo anamupatsa ndani. Munthu uja amene ankanyoza thupi akupsa mtima, akudzipangira thupi mokakamiza, chinthu chonyansa cha minofu ndi maso, n'kuphwanyidwa ndi makina omwewo. Mayi aang'ono anangoti, "Fano ndi fano basi, ngakhale uliike mu kompyuta." Palibe amene anaumanga bwino mutu wa gawo limenelo kuposa iwo.

Koma mkangano weniweni unabuka pa Alice, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalitse.

Alice Mizuki ndi mnzake yekhayo wa Lain, amene amamukoka kuti tiye tikayende, amamufunsa ngati ali bwino. Ali ndi chinsinsi: amakonda mphunzitsi wake. Lain woipa uja akuchiulula, sukulu yonse ikudziwa. Lain wathu akulira kuti si iye. Koma kwa Alice, kusiyana kuli pati? Nkhope ndi yomweyo, dzina ndi lomwelo. Amene munabedwapo akaunti ya Facebook, wina n'kumapempha abale anu ndalama m'dzina lanu, mukudziwa kulemera kwa mawu oti "si ine". Tinalembetsa zitupa za unzika mu 2017, tinalembetsa masimukadi mu 2018, zala tinadinda, koma uthenga woti "ndasintha nambala, tumizani pa iyi" ukunamizabe anthu, chifukwa amene amakhulupirira ndi dzina limene laonekera pafoni.

Pofuna kukonza, Lain akufufuta nkhaniyo m'mitu ya anthu onse, kusiyapo Alice. Akuganiza kuti wamuchitira chifundo posamukhudza. Koma Alice akutsala yekha akukumbukira chinthu chimene dziko lonse likuti sichinachitike, ndipo akuyamba kudzikayikira ngati mutu wake ukuyenda bwino. Akulimba mtima, akupita kunyumba kwa Lain, akudutsa m'zinyalala ndi mawaya, akumupeza atakwiririka m'makina. Lain akumuuza kuti anthu onse ndi olumikizana kale, thupi silofunika. Alice sakutsutsana naye ndi mfundo. Akugwira dzanja la Lain n'kuliika pachifuwa pake kuti amve mtima ukugunda, ukugunda chifukwa cha mantha.

Wachinayi pakhonde paja anali aneba athu, aphunzitsi a kusekondale, ndipo iwo ndi amene anabweretsa mwambi: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Amati katuniyi yatenga nzeru yathu yomweyi n'kuitembenuza kuti tione kunsi kwake. Ife timati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndipo timanena monyadira. Lain akufunsa kuti chabwino, nanga anzakowo akasunga m'mitu mwawo munthu wolakwika, iwe weniweni uli kuti? Nanga onse akakuiwala, unakhalapo? Mukatunimu amanena mobwerezabwereza kuti chimene palibe akuchikumbukira chili ngati sichinachitike. Pamudzi, mbiri yako imasungidwa ndi anthu amene anakuona ukukula, amene angati ayi, mwana uja sangachite zimenezo. Pa Wired imasungidwa ndi aliyense amene wafika msanga ndi chithunzi.

M'gawo lomaliza, Lain ataona kuti Alice wasweka maganizo ndi zimene waona, akubwezera zonse pachiyambi n'kudzifufuta yekha. Chisa ali moyo. Eiri ndi wantchito wamba wong'ung'udza panjira. Patebulo la banja lija Lain palibe, ndipo palibe akudziwa kuti pakusowa munthu. Patapita zaka, Alice ali wamkulu akukumana ndi kamtsikana pa mlatho, akuona ngati anakaonapo penapake, akupatsana moni, akusiyana.

Mphwanga akuti chimenecho ndi chikondi. Mayi aang'ono akuti ndi kudzipereka nsembe. Aphunzitsi akuti ndi kuthawa milandu: walakwira mnzako, m'malo mokhala pansi n'kupepesa, ukufufuta bwalo lonse ndi mboni zomwe. Ine ndatsamira kwa aphunzitsi, ngakhale ndinagwetsa msozi. Chimene chimandiwawa n'chakuti kawiri konse Lain sanamufunse Alice. Mtsikana uja anayenda yekha kukamusaka mnzake, ndipo malipiro ake ndi kulandidwa mnzakeyo, ndi kulandidwanso chikumbukiro choti anali naye. Kwathu kuno ngakhale womwalira timamuikira chiliza kuti pakhale poloza. Alice sanasiyiridwe ngakhale poloza.

Wokonza katuniyi, Yasuyuki Ueda, ananenapo kuti ankayembekezera kuti oonera a ku America adzaimva mosiyana ndi a ku Japan, ndipo pambuyo pake anapeza kuti maganizo awo sanasiyane kwenikweni. Akanabwera pakhonde pathu akanapeza kusiyana kumene ankakufunako, pakati pa anthu odyera mbale imodzi. Ndipo achinyamata ambiri lero akumupeza Lain kudzera pa nyimbo yake yotsegulira, Duvet, ya gulu la ku England lotchedwa Bôa, imene inadzatchukanso pa TikTok patapita zaka zoposa 20. Mtsikana amene anadzifufuta kuti aiwalike, nkhope yake ili pa maakaunti a anthu osawerengeka amene anali asanabadwe n'komwe mu 1998.

[Chithunzi: foni m'dzanja, mndandanda wa mayina ukutsika]

Usiku womwe tinamaliza, ndinatsegula WhatsApp kuti nditumize uthenga. Malume anga anatisiya zaka ziwiri zapitazo, tinawaika kumudzi cha ku Santhe, ndipo nambala yawo sindinaifufute. Inakhala nthawi yaitali yopanda chithunzi. Tsiku limenelo pa dzina loti "Malume" panali nkhope ya mnyamata wovala jezi ya mpira, akumwetulira, munthu amene sindinamuonepo. Nambala ikakhalitsa osagwira ntchito imagulitsidwa kwa wina, zimenezo ndikuzidziwa. Ndinatsegulabe. Pansi pa dzina lawo panalembedwa kuti ali pa intaneti nthawi yomweyo, ndipo pamwamba pake panali uthenga wawo womaliza wondifunsa ngati feteleza ndagula.

Ndinaonetsa mayi aang'ono, poti malumewo anali mlongo wawo. Anaigwira foni nthawi yaitali, kenaka anandibwezera n'kunena kuti, "Usamulembere mwana wa eniakeyo, ungamuopseze. Koma dzinalo usalichotse."