Silaidi ya Kodachrome: umboni umene ulibe unzake

[Pa sikirini: dzanja lanyamula kachithunzi kokhala m'kakatoni, lakalozetsa pa windo]

Moni nonse. Kachithunzi mukuonaka amakatcha silaidi. Chodabwitsa chake n'chakuti kalibe negetivu, filimu ya mitundu yotembenuka ija imene amasindikizira zithunzi zapapepala. Filimu imene inali m'kamera tsiku lojambulalo ndi yomweyi: anangoitsuka, kuidula, n'kuiika m'katoni. Ndiye chifukwa chake anthu a kafukufuku anaikonda kwambiri, poti panalibe munthu wina pakati woti n'kusintha mitundu posindikiza papepala.

Zithunzi zamitundu zoonera pa kuwala zinayamba kale. Mu 1907, abale awiri a ku France, a Lumière, anayamba kugulitsa Autochrome, magalasi opakidwa timibulu ta ufa wa mbatatesi tonyikidwa mu utoto. Koma magalasi ndi olemera, osachedwanso kusweka. Zinthu zinasintha mu 1935 pamene kampani ya Kodak ku America inatulutsa Kodachrome, poyamba ya kanema, kenaka mu 1936 ya kamera zazing'ono za 35mm. Amene anaipanga, Leopold Mannes ndi Leopold Godowsky, anali akatswiri oimba! Chaka chomwecho cha 1936 Agfa ku Germany inatulutsa yake, Agfacolor Neu.

[Pa sikirini: masamba a buku lakale la malangizo]

Tsono tiyeni ku mabuku, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1940 Ivan Dmitri anatulutsa buku lakuti Kodachrome and How to Use It, ndipo mu 1944 Joseph Friedman analemba mbiri yonse ya kujambula kwamitundu. Mukawerenga malangizo a nthawi imeneyo, nkhani yobwerezabwereza ndi ya kuwala. Filimuyi inali yochedwa kugwira, pa muyezo wa liwiro la filimu wotchedwa ASA inali pa 10 yokha, ndiye inkafuna dzuwa lambiri. Ukalowetsa kuwala kopyola pang'ono, mitundu inkayera mbee, ndipo panalibe pokonzera. Panalinso filimu ya padzuwa ndi ina ya pamagetsi. Ukasokoneza, nkhope zinkatuluka zachikasu kapena zabuluu.

Ine ndimaona kuti wofufuza amene sanawerenge malangizowa sangamvetse silaidi yakale. Akaona zithunzi zambiri zili za masana, anthu ataima chilili, angaganize kuti moyo wa anthuwo unali wotero. Ayi, ndi filimuyo imene inkakana mdima ndi liwiro. Muzikumbukira zimenezi mukamaona zithunzi zamitundu pafupifupi 1,600 zimene ojambula a boma la America anatenga pakati pa 1939 ndi 1944, zomwe zikusungidwa ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya dzikolo.

Nanga bwanji zithunzi zimenezo zikadali zowala mpaka lero? Kodachrome inalibe zopangira utoto m'kati mwa filimu. Utoto wa mitundu itatu unkalowa pa nthawi yotsuka, ndipo ntchito yake inali yovuta moti sikanatheka kunyumba. Unkatumiza filimu pa positi n'kumadikira. Zithunzi zotsukidwa m'zaka zoyambirira zinkasuluka, koma kuchokera mu 1938, atasintha katsukidwe, mitundu inayamba kukhalitsa. Ektachrome, filimu ina ya Kodak ya mu 1946, inali yosavuta kutsuka, koma masilaidi ake ambiri akale lero afiira.

[Pa sikirini: pulojekita ikuyaka m'chipinda chamdima]

Koma pali msampha. Henry Wilhelm, m'buku lake la mu 1993 lonena za kasungidwe ka zithunzi zamitundu, anaonetsa kuti Kodachrome imakhalitsa ikakhala mumdima, koma pa getsi la pulojekita imasuluka msanga kuposa zinzake. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa silaidi imene mphunzitsi ankaikonda n'kumaionetsa chaka ndi chaka ndi imene yaonongeka kwambiri.

Kodak inaleka kupanga filimuyi mu 2009, ndipo malo omaliza otsukira, Dwayne's Photo ku Kansas, America, anasiya kulandira mafilimu kumapeto kwa 2010. Ngati mwapeza bokosi la masilaidi, musathamangire pulojekita. Yambani mwajambula katoni lenilenilo mbali zonse, popeza ambiri ali ndi dzina la filimu, mwezi ndi chaka chimene anatsukidwa, ndiponso zolemba pamanja za mwini wake. Kenaka muwakopere m'kompyuta ndi sikana, osakhudza filimu ndi chala, n'kuwabwezera pamalo ozizira, ouma, opanda kuwala.