Hiroyuki Sanada ndi Zaka Makumi Awiri Zodikira Mpata Wolankhula

Moni nonse omvera, kaya muli kumudzi, ku Chipata, ku Tete, ku Johannesburg kapena kulikonse kumene ntchito ndi maphunziro zinakutayirani. Ndikukulankhulani kuchokera kuno ku Osaka, m'dziko la Japan, kumene ndimaphunzira masana ndipo masiku ena ndimagwira ganyu pa nyumba ina yosamalira okalamba, malinga ndi lamulo la kuno limene limalola wophunzira wochokera kunja kugwira ntchito maola osapitirira 28 pa sabata. Lero ndikufuna tikambirane za katswiri wa zisudzo wa kuno, bambo Hiroyuki Sanada, chifukwa moyo wawo wandithandiza kumvetsa funso limene limavutitsa aliyense wokhala m'dziko la eni: kodi mlendo angatani pamene anthu akufotokoza za kwawo molakwika iye ali pomwepo?

Ambiri mwa inu nkhope yawo munaionapo, ngakhale dzina simukulidziwa. Amene munakulira m'tinyumba toonetsera mavidiyo pa msika, momwe tinkapanikizana pa mabenchi mu mdima kuonera anthu akumenyana ndi malupanga, mwina munaonapo mnyamata wopepuka thupi akudumpha m'mafilimu a ku Hong Kong a m'zaka za m'ma 1980. Achinyamata a masiku ano anawaona mu Mortal Kombat ya 2021 kapena mu gawo lachinayi la John Wick la 2023. Koma munthuyu sanayambire kumeneko.

Bambo Sanada anabadwira ku Tokyo pa 12 Okutobala 1960, ndipo anaonekera mu filimu yawo yoyamba mu 1966 ali kamwana, akusewera ngati mwana wa katswiri wina wotchuka, Sonny Chiba. Atakula pang'ono analowa m'gulu la Japan Action Club, limene a Chiba anakhazikitsa pofuna kuphunzitsa achinyamata kuchita okha mbali zoopsa za m'mafilimu. Kumeneko ndi m'malo ena anaphunzira kumenyana, kukwera kavalo, kugwira lupanga ndiponso magule akale a Chijapani, amene amaphunzitsa munthu kayendedwe, kakhalidwe pansi ndi kagwadidwe koyenera atavala zovala zachikale. Pofika m'zaka za m'ma 1980 anali atatchuka kale monga mnyamata wa mafilimu a ndewu, koma sanafune kuti mbiri yawo ithere pa kudumpha ndi kumenya, kotero anayamba kufunafuna mbali zofuna kulankhula ndi kuonetsa za mumtima. Mu 1991 wailesi ya kanema ya NHK inawapatsa mbali yaikulu ya Ashikaga Takauji m'sewero la mbiri yakale la chaka chonse lotchedwa Taiheiki, ndipo kuno umenewo ndi ulemu waukulu kwa wochita zisudzo.

Chimene chimandigometsa ndi chimene anachita kumapeto kwa zaka khumi zimenezo. Mu 1999 ndi 2000 anasewera ndi gulu la Royal Shakespeare Company la ku England m'sewero la King Lear, limene anatsogolera ndi Yukio Ninagawa, ndipo iwo anatenga mbali ya wanthabwala wa mfumu, pambali pa Nigel Hawthorne amene anali mfumuyo. Ganizirani munthu wa zaka pafupifupi 40, wotchuka kwawo, amene Chingerezi si chinenero chake, akuimirira pamaso pa Angerezi eni ake kulankhula Chingerezi chakale cha Shakespeare, chimene ngakhale ife amene tinachiphunzira ku sekondale tinkachita kutuluka nacho thukuta. Ine ndikudziwa mmene lilime limalemerera ndikaimirira pamaso pa aphunzitsi anga kufotokoza kafukufuku wanga m'Chijapani, pamene liwu limodzi laulemu ndikalilakwitsa nkhope zonse zimagwa pansi mwamanyazi m'malo mwanga. Iwo anachita zimenezi usiku ndi usiku, ndipo mu 2002 boma la Britain linawapatsa ulemu wa MBE chifukwa cha ntchito imeneyi.

Filimu yawo imene ndimaikonda koposa si ya ndewu kwenikweni. Ndi ya mu 2002, yotchedwa The Twilight Samurai, imene anatsogolera ndi Yoji Yamada. Ndinaionera koyamba ku ntchito, m'chipinda chochezera cha okalamba, kumene masana kanema amakonda kuonetsa nkhani za m'nthawi ya asamurai, ankhondo akale a ku Japan, zimene kuno amati jidaigeki. M'filimuyi bambo Sanada ndi Seibei, msamurai wa udindo wotsika amene mkazi wake anamwalira ndi kumusiyira ana aakazi awiri, mayi wokalamba amene mutu sukugwiranso, ndi ngongole za maliro. Anzake akaweruka ku ntchito amapita kukamwa, koma iye amathamangira kunyumba dzuwa likulowa kuti akalime, akadyetse banja ndi kupanga tizikwere ta tizilombo togulitsa kuti apeze kangachepe. Zovala zake ndi zong'ambika, ndipo anzake amamuseka. Agogo ena aakazi amene ndinkawathandiza kumwa tiyi tsiku limenelo, manja awo akunjenjemera pa kapu, anasiya kumwa n'kumangoyang'ana Seibei akudya chakudya chake chochepa, kenako n'kuthira madzi otentha m'mbale yomweyo kuti pasatsale kanthu. Anandiuza motsitsa mawu kuti bambo awo ankadya chimodzimodzi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Ine sindinafunike kufotokozeredwa kalikonse, pakuti munthu amene amakana kupita kokasangalala ndi anzake chifukwa ndalama iliyonse ili kale ndi mwini wake kumudzi ndimamudziwa bwino, ndipo ambiri mwa inu amene mukumvera ndinu munthu ameneyo. Filimuyi inapambana mphoto zambiri kuno ndipo inasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Oscar.

Chaka chotsatira, mu 2003, anasewera mu The Last Samurai pamodzi ndi Tom Cruise ndi Ken Watanabe, ndipo pasanapite nthawi yaitali anasamukira ku Los Angeles. Apa m'pamene nkhani yawo imasanduka nkhani ya mlendo. Munthu wa zaka zopitirira 40, amene kwawo dzina lake linkalembedwa pamwamba pa mayina onse, anakayambiranso pansi. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri anasewera mbali za pambali: mkulu wa chombo cha m'mlengalenga mu Sunshine, mdani mu Rush Hour 3, mdani winanso mu The Wolverine, ndipo mu Avengers: Endgame ya 2019 anangoonekera kwa mphindi zochepa asanaphedwe. M'mafilimu ambiri amenewa anthu amene ankawasewera ankafa nkhani isanathe. Chowawa koposa chinali chakuti Japan wa m'mafilimu a ku Hollywood kawirikawiri sanali Japan weniweni, pakuti zovala zinkavalidwa molakwika, zinthu za ku China zinkasakanizidwa ndi za kuno, ndipo anthu ankayenda ndi kupereka moni m'njira imene Mjapani aliyense akanaiona kuti ndi yachilendo. Bambo Sanada anena pa macheza ambiri ndi atolankhani kuti ankayesetsa kukonza zolakwika zotere pa ntchito iliyonse, koma kuti mawu a wochita sewero chabe ali ndi malire ake.

Malire amenewa ndimawadziwa. Kuno anthu ndi aulemu kwambiri, ndipo pali ena amene amalidziwa bwino dziko lathu, makamaka amene anakagwirako ntchito yodzipereka kudzera m'bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena lotchedwa JICA, pakuti dziko lino lakhala likutumiza achinyamata ku Malawi kuyambira mu 1971. Koma ambiri amaona Africa ngati mudzi umodzi waukulu wa mikango ndi njala. Tsiku lina ndinaitanidwa pa sukulu ina ya pulayimale kukafotokozera ana za kwathu, ndipo nditafika ndinapeza pakhoma atapachika zithunzi za Amaasai a ku Kenya ndi Tanzania, pa wailesi akuimba ng'oma za ku West Africa, ndipo pa pepala la mwambowo atalemba dzina la dziko langa. Aphunzitsi anali atakonza zonsezi ndi mtima wabwino, atataya nthawi yawo yopuma. Ndinaima pakhomo ndikulimbana ndi maganizo awiri, akuti ndikalankhula ndikhumudwitsa anthu amene andilandira ndi manja awiri, ndipo ndikakhala chete ana awa akula akuganiza kuti kwathu n'kumeneko. Ndinasankha kuonetsa zithunzi za m'foni yanga, za nyanja, za minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi za msika wa ku Lilongwe, popanda kutsutsa zimene zinali pakhoma. Mlendo ali ngati mkamwini watsopano pa mudzi, amene angaone kuti nkhokwe yamangidwa mopendekera, koma mawu ake amayamba kumveka pokhapokha atalima munda wa apongozi nyengo zingapo ndipo anthu aona kuti khasu amalidziwa.

Kwa bambo Sanada mpata unabwera ndi sewero la pa kanema la Shōgun, la wailesi ya FX, limene linayamba kuonetsedwa mu February 2024. Nkhaniyi inachokera m'buku la James Clavell la mu 1975, ndipo imachitika m'chaka cha 1600, pamene woyendetsa sitima wa ku England anafika ku Japan n'kugwera pakati pa mkangano wa mafumu olimbirana ulamuliro. Nkhani yomweyi inaonetsedwapo mu 1980, ndipo mbali ya mfumu Toranaga anasewera ndi Toshiro Mifune, katswiri wamkulu wa kuno, koma nthawi imeneyo zonse zinkaonedwa kudzera m'maso mwa Mngerezi, ndipo Ajapani akamalankhula chinenero chawo mawu awo sankamasuliridwa m'munsi mwa kanema, ngati kuti zimene ankanena zinalibe ntchito. Ulendo uno bambo Sanada anatenga mbali ya Toranaga, koma anapatsidwanso udindo wa producer, kutanthauza kuti tsopano anali m'gulu la opanga ziganizo. Ngakhale seweroli linajambulidwa ku Canada, m'dera la Vancouver, iwo anaonetsetsa kuti mbali za Ajapani aseweredi Ajapani, ndipo anaitanitsa kuchokera kuno akatswiri a zovala, a tsitsi lachikale ndi a kayendedwe ka thupi, anthu amene anathera moyo wawo pa ntchito ya jidaigeki. Ngakhale masiku amene iwo sankajambulidwa ankakhala pamalopo kuyang'anitsitsa chilichonse. Mbali yaikulu ya zolankhula, pafupifupi 70 peresenti, inali m'Chijapani, ndipo Aamerika anayenera kuwerenga kumasulira kwake m'munsi.

Anthu anawerengadi. Shōgun inapambana mphoto zokwana 18 za Emmy, mphoto zazikulu za masewero a pa kanema ku America, zimene sewero lina lililonse linali lisanapezepo m'chaka chimodzi, ndipo bambo Sanada, ali ndi zaka 63, anakhala Mjapani woyamba kulandira mphoto ya mwamuna wosewera bwino mbali yaikulu, pamene Anna Sawai analandira ya akazi. Mwambowo unachitika pa 15 September 2024 ku Los Angeles, ndipo kuno kunali m'mawa wa pa 16, tsiku la tchuthi cholemekeza okalamba. Pa ntchito pathu tinali ndi chikondwerero, ndipo madzulo ake nkhani za pa kanema zinkangobwereza mawu awo. Atakwera pa nsanja analankhula m'Chijapani, kuthokoza onse amene anasunga ndi kupititsa patsogolo jidaigeki, ndi kuwauza kuti chikondi ndi maloto zimene analandira kwa iwo zawoloka nyanja. Agogo ena aamuna, amene kawirikawiri salankhula ndi aliyense, anaweramitsa mutu moyang'ana kanemayo ali pa njinga yawo ya olumala.

Ndisakunamizeni kuti nkhaniyi ndi yokoma yokhayokha. Zaka makumi awiri ndi zambiri, ndipo sindikuona chifukwa chomveka chimene munthu wodziwa ntchito yake chotero anayenera kudikirira mpaka imvi kuti amvedwe pa nkhani ya zovala za makolo ake. Palinso alendo ambiri, aluso chimodzimodzi, amene amadikira moyo wonse mpata osabwera, chifukwa mapepala awo okhalira m'dziko amadalira bwana amene sangayerekeze kumutsutsa. Chimene ndimatengapo ine n'chakuti pa nthawi yonse yodikirayo bambo Sanada sanasiye kukonza zazing'ono zimene akanatha kukonza, ndipo mpata utabwera anali ndi chopereka, pakuti zimene anaphunzira ali mnyamata anali asanazitaye. Pamenepa ndimadzifunsa ndekha, ndiponso ndikufunsa inu amene mukulera ana kunja, ngati titapatsidwa mpata wotere mawa tingathe kufotokoza molondola za chinamwali, za Gule Wamkulu kapena za mmene ukwati umayendera kwathu, kapena tingachite kukafufuza pa intaneti zimene analemba alendo. Chifukwa cha funso limeneli ndinayamba kuwaimbira foni azakhali anga a ku Dedza Lamlungu lililonse, ndipo zimene amandiuza ndimazilemba m'kope, ndi mayina a malo ndi a mafuko momwe iwo amawatchulira.