Nsinjiro za pa nkhwani: zimene mlangizi wa zaumoyo anauza anthu pabwalo la mfumu

Zikomo agogo a mfumu potipatsa bwalo. Amayi ndi abambo, muli bwanji nonse? Amene muli kumbuyoko sendererani kuno, mawu anga sapita patali, dzulo ndinali ku sikelo ya ana tsiku lonse.

Ndiyambe ndi funso. Dzulo madzulo munadyera chiyani nsima? Mayi awo akuti nkhwani. Wotendera kapena wongowiritsa ndi mchere? Wongowiritsa. Nanga mtedza munakolola uja uli kuti? (kuseka) Unapita kwa mavenda. Eya, nkhani yanga lero ili pomwepo.

Akuluakulu ena pano mukukumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, abale athu atadzaza ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu mpaka Dedza. M'chaka cha 1990 m'misasa ina munabuka matenda. Khungu linkada n'kumakhakhala malo owomba dzuwa, pakhosi ngati munthu wavala mkanda, kunja kwa manja, kumapazi. Kenako kutsegula m'mimba, ena mpaka mutu kusokonekera. Madokotala amati pellagra. Anthu oposa 18,000 anadwala m'miyezi yowerengeka. Ufa wa chimanga ankalandira ndithu. Chinasowa chinali mtedza, umene unasiya kubwera pa chakudya chimene ankagawiridwa. Mtedza uli ndi vitamini wotchedwa niacin. M'chimanga alimo, koma ndi womangika moti thupi limalephera kumutenga. Ndiye munthu akhoza kukhuta nsima tsiku ndi tsiku, thupi likulira njala.

Agogo athu sankadziwa dzina la vitaminiyo. Ankangodziwa kuti nkhwani, chisoso, bonongwe, khwanya, kholowa zimafuna nsinjiro. Ndipo pali chifukwa china. Vitamini A wa m'masamba obiriwira, amene amathandiza maso ndi kuteteza mwana ku matenda, amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Nsinjiro ndi mafuta amenewo. Simukufunika kudikira botolo la kugolosale. Chenjezo limodzi lokha: posinja sankhani. Mtedza wa chuku, wofota, wowawa uja, tayani, musati uwu ndi wa nsinjiro, wabwino ndi wogulitsa. Chuku chimenecho chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumupha.

Tsopano ndikhudze pamene abambo mundikwiyire. Ufa woyera. Inde nsima yake ndi yosalala, mlendo akabwera timanyadira. Koma taonani ntchito imene timagwira. Timakonola, gaga n'kuchoka, ndipo kamtima ka chimanga kamene kali ndi mafuta kamapita ndi gagayo. Mphale ija timaiviika masiku angapo, madzi n'kutaya. Chotsala ndi chokhutitsa basi. Gaga uja timapatsa nkhumba ndi nkhuku, n'chifukwa chake nkhumba za m'mudzi muno zikunenepa kuposa eni ake. (kuseka) Sindikuti mutaye ufa woyera, ine ndemwe ndimaukonda. Koma phala la mwana likhale la mgaiwa, muthiremo nsinjiro kapena ufa wa soya. Likuni Phala amene mumamufunafuna uja maziko ake ndi chimanga ndi soya, zinthu zoti m'nkhokwe mwanu zilimo.

Amayi, soda. Ndikudziwa therere popanda soda kapena chidulo silikoma, pamenepo sindilimbana nanu. Koma ena mwayamba kuthira soda mu nkhwani, m'mpiru, ngakhale mu nyemba kuti zipse msanga. Nkhuni zavuta, ndikumvetsa. Soda amapha mavitamini ena m'ndiwo. Nyemba ziviikeni usiku, m'mawa zipsa msanga popanda soda. Masamba tsukani musanadule, madzi akhale ochepa, ndipo muphule akadali obiriwira. Msuzi wake osataya.

Mfutso nawo. Mwezi wa Okutobala kukauma, amene anafutsa khwanya ndi nkhwani nthawi ya dzinja ndiye amadya bwino. Mukamayanika, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limachepetsa vitamini A.

Usipa ndi matemba ena amati ndiwo za amphawi, chambo ndiye nsomba. Chambo mumadya mnofu, minga n'kulavula. Usipa mumadya yense, mutu ndi mafupa omwe, ndipo m'mafupamo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa ndi mano a mwana. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi akayamba phala, kazingani usipa pang'ono, sinjani, sefani, kasupuni kamodzi muphala. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba chitaninso chimodzimodzi, zili ndi mafuta komanso zomanga thupi.

Mayi woyembekezera amene wauzidwa kusikelo kuti magazi achepa, bonongwe ndi nyemba zimuthandiza, koma azidya pamodzi ndi chipatso chowawasa, malambe, gwafa kapena ndimu, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi atangotha kudya ayi, amatsekereza. Ndipo mapiritsi aja akuchipatala apitirize kumwa, ndiwo sizilowa m'malo mwake.

Bambo awo akufunsa za thobwa. Thobwa la chimera cha mawere ndi labwino, imwani. Ndikunena lotsekemera lija, osati logona masiku atatu lija mukuliganiziralo. (kuseka)

Lachinayi tikumane pachitsime chakumunsi m'ma 8 koloko, tidzaphikire limodzi phala la ana. Gulu la kumtunda mubweretse mgaiwa ndi nkhuni, gulu la kuno mtedza wosankha kale ndi usipa, ine ndibwera ndi mbatata yofiira mkati ija kuti muione ndi kuilawa. Abambo nanunso mubwere, musinje nawo. Agogo a mfumu, ndabweza bwalo.