Pulagini Yowerenga Alendo Ikunama? Londolani Mlendo Mmodzi Mpaka Muone Pamene Akusowera

Moni nonse. Tinene kuti mwatsegula ziwerengero za webusaiti yanu ya WordPress, pulagini ikuti lero kwabwera alendo atatu, chikhalirecho nkhani imene mwaika m'mawa ili ndi ndemanga 20. Kapena pulagini ikuti kwabwera anthu 4,000, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene walemba, wafunsa kapena kugula kanthu. Manambala awiri onsewa ngabodza, ndipo bodza lililonse lili ndi gwero lake.

Zikatere ambiri amathamangira kuchotsa pulagini n'kuika ina. Musatero, inayo ikapunthwa pamwala womwewo. Kuti mlendo awerengedwe, uthenga wake umanyamuka mu burawuza, kudutsa pa cache (posungira makope a masamba), kufika pa seva, n'kukalembedwa mu database. Lero tilondola mlendo mmodzi yekha njira yonseyi mpaka tione pamene akusowera, kapena pamene akusanduka anthu awiri.

Pa sikirini: windo la Incognito, webusaiti kumanzere, DevTools kumanja

Mlendo woyeserayo ndinu nomwe. Tsegulani windo la Incognito kuti webusaiti isakuzindikireni, pakuti mapulagini ambiri sawerenga munthu amene walowa ngati admin. Dinani F12 kuti mutsegule DevTools, zida zofufuzira za mu burawuza, sankhani Network, kenako tsegulaninso tsambalo. Pa mndandanda umene utuluke funani pempho lopita kwa pulagini. Kawirikawiri adiresi yake imakhala ndi /wp-json/ kapena admin-ajax.php. Mwina simulipeza, mwina mulipeza lafiira, mwina lilipo kawiri, kapena lilipo kamodzi ndipo layankhidwa 200 kapena 204, manambala otanthauza kuti seva yalandira bwino.

Tiyambe ndi pamene pempholo kulibe, chifukwa apa m'pamene pamagwera ambiri. Mapulagini ena sawerengera mu burawuza, amawerengera pa seva ndi PHP: tsamba likamamangidwa, pulagini imalemba mzere umodzi mu database. Zimayenda bwino mpaka tsiku limene mwaika WP Super Cache, W3 Total Cache kapena LiteSpeed Cache, kapenanso amene amasunga webusaiti yanu ayatsa cache yawo. Cache imamanga tsamba kamodzi n'kusunga kope lake, ndipo onse obwera pambuyo amalandira kope lomwelo, PHP osadzuka n'komwe. Woyamba yekhayo ndiye amalembedwa. Ngati kope limakhala ola limodzi, tsambalo lizionetsa maulendo pafupifupi 24 patsiku ngakhale patabwera anthu chikwi.

Vutoli limadziwika msanga. Ziwerengero zinagwa tsiku limodzi, n'kukhazikika pansi pomwepo osakweranso. Kuti mutsimikize, dinani pempho loyamba pa mndandanda uja muone Response Headers. Mukaona mawu akuti hit pa x-litespeed-cache kapena pa cf-cache-status, ndiye kuti mwalandira kope losungidwa.

Musazimitse cache pofuna kukonza ziwerengero. Webusaiti idzalemera, ndipo alendo amene mukufuna kuwerengawo adzathawa. Chofunika n'kusamutsa kawerengedwe kuti kazichitika ndi JavaScript mu burawuza ya mlendo, chifukwa khodi imeneyo imagwirabe ntchito ngakhale tsamba lichokere mu cache. M'makonzedwe a pulagini funani mawu akuti client side kapena cache compatibility. Mukasintha, fufutani cache yonse, apo ayi masamba akale apitiriza kutuluka opanda khodi yatsopanoyo.

Pa sikirini: pempho lofiira, pambali pake nambala 403

Tsopano pempho lilipo koma lafiira. Werengani nambala yake. 403 kapena 401 ikutanthauza kuti seva yakana. Nthawi zina n'chifukwa cha pulagini yachitetezo imene yatseka REST API, khomo la /wp-json/ lolowerapo mapempho, kwa aliyense amene sanalowe ndi akaunti. Musatsegule REST API yonse, lolani njira ya pulagini yowerengerayo yokha.

Pali 403 ina imene imazunguza mitu, ndipo apa timvetsere bwino. Mukafufuta cache ziwerengero zimayamba kuyenda, mawa lake zaimanso. Wolakwa ndi nonce, kachizindikiro kamene WordPress imaika mu tsamba potsimikiza kuti pempho lachokeradi pa webusaiti yomweyo. Nonce imakhala yamoyo pakati pa maola 12 ndi 24 basi. Cache ikasunga tsamba kwa sabata yathunthu, tsambalo limanyamula nonce yakufa masiku otsalawo, ndipo pempho lililonse limakanidwa. Njira yachidule n'kuchepetsa moyo wa cache kuti ukhale maola 10. Ngati pulagini mukulemba nokha, chotsani nonce panjira imeneyi. Alendo onse osalowa ndi akaunti amapatsidwa nonce imodzimodzi, choncho chitetezo chake pamenepa n'chochepa. Ndi bwino kuyang'ana ngati nambala ya tsamba yatumizidwayo ilipodi, ndiponso kuika malire a mapempho ochokera pa IP imodzi (adiresi ya mlendo pa intaneti) pamphindi.

Mukaona 500, pulagini yagwa yokha. Mu wp-config.php ikani WP_DEBUG ndi WP_DEBUG_LOG kukhala true, WP_DEBUG_DISPLAY kukhala false kuti alendo asaone zolakwikazo, kenako werengani wp-content/debug.log. Kawirikawiri mupeza kuti tebulo kapena gawo lina la tebulo silinapangidwe pamene pulagini inkakwezedwa. Mukatha bwezerani false, fayiloyo isamangokula.

Mukaona ERR_BLOCKED_BY_CLIENT, seva ilibe mlandu. Yatseka ndi ad blocker ngati uBlock Origin, imene imatsatira mndandanda wa EasyPrivacy. Ife tikuti musalimbane nawo anthu amenewa. Asankha kusawerengedwa, ndipo inu mungodziwa kuti nambala yanu izikhala yocheperako kuposa yeniyeni.

Za pempho lotuluka kawiri sititaya nthawi. Dinani Ctrl+U, kenako Ctrl+F, mufune khodi yowerengera. Muipeza kuti wina anaimata mu header.php ya theme kapena mu Google Tag Manager, pulagini n'kuiikanso. Siyani imodzi.

Pa sikirini: tebulo la alendo mu phpMyAdmin, chida choonera database

Pempho layankhidwa 200, komabe manambala sakumveka? Ndiye mlendo wathu wafika pa seva, tione mmene walembedwera. Tsegulani tebulo la pulagini muyang'ane gawo la IP. Ngati mizere mazanamazana ikubwereza ma IP ochepa omwewo, webusaiti yanu ili kuseri kwa Cloudflare kapena proxy ina, seva yoima pakati pa mlendo ndi webusaiti yanu. Pulagini ikuwerenga REMOTE_ADDR, ndipo mmenemo muli adiresi ya proxy, osati ya mlendo. Anthu zikwi amaoneka ngati anthu khumi, mayiko awo n'kusokonekeranso. Pa Cloudflare adiresi yeniyeni imabwera mu CF-Connecting-IP, pa ma proxy ena mu X-Forwarded-For. Koma samalani, X-Forwarded-For aliyense angathe kulembamo chimene akufuna. Muziikhulupirira pokhapokha pempho lachokera ku proxy yanu yodziwika. Malo abwino okonzera zimenezi ndi pa seva penipeni, ndi mod_remoteip pa Apache kapena set_real_ip_from pa Nginx, kuti mapulagini onse apindule nthawi imodzi.

Mudakali mu tebulomo, onani kutalika kwa gawo la IP. IPv4 sipitirira zilembo 15, ndipo mapulagini akale anapatsa gawoli zilembo 15 zomwezo. IPv6 imafuna mpaka 45. Adiresi ikadulidwa, anthu osiyana amasanduka mmodzi, kapena mzere sulembedwa n'komwe. Kwezani gawolo kukhala VARCHAR ya 45. Ngati dziko la mlendo aliyense likutuluka Unknown, onani fayilo ya GeoLite2, imene imasonyeza dziko la IP iliyonse: kuyambira kumapeto kwa 2019 kampani yoipanga, MaxMind, imafuna akaunti ndi kiyi kuti muitenge, ndipo pulagini yopanda kiyiyo imalephera mwakachetechete.

Nanga alendo 4,000 opanda chochita aja? Ambiri si anthu, ndi maloboti: Googlebot, Bingbot, AhrefsBot, SemrushBot, GPTBot ndi anzawo. Palinso pulogalamu yoyang'anira ngati webusaiti ili yamoyo. Ikamagogoda mphindi 5 zilizonse, ndi maulendo 288 patsiku pa tsamba loyamba lokha. Kuwerengera ndi JavaScript kumachotsa ambiri mwa amenewa chifukwa sayendetsa khodiyo, ngakhale Googlebot imayendetsa. Otsalawo asefeni ndi dzina lawo la User-Agent, limene burawuza kapena loboti imatumiza podzitchula. Loboti yodzibisa imadziulula ndi khalidwe: masamba 50 pamphindi imodzi palibe munthu amawerenga choncho.

Za nthawi, onani ngati tsiku la mu ziwerengero likutha pakati pausiku penipeni. WordPress imayendetsa PHP pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, ndiye pulagini yogwiritsa date m'malo mwa wp_date imayamba tsiku pa ola lolakwika. Sungani nthawi mu UTC, muziisintha poonetsa pokha. Pa Settings, General, sankhani dzina la mzinda m'malo mwa nambala ya maola, kuti kumayiko osintha mawotchi zizisintha zokha.

Pa sikirini: kukula kwa matebulo mu database

Tsopano tiwongolere pulagini imene ikuwerenga molondola koma yayamba kulemetsa webusaiti. Tichite masamu. Maulendo 5,000 patsiku, mzere umodzi paulendo uliwonse, ndi mizere 1,825,000 pachaka. Mukatsegula tchati cha mwezi uno popanda index (kalozera wothandiza database kupeza mizere msanga) pa gawo la deti, MySQL imayenda m'mizere yonseyo umodziumodzi. Ikani EXPLAIN kutsogolo kwa funso la SQL. Mukaona ALL pa type, index palibe kapena sikugwiritsidwa ntchito.

Index ndi poyambira chabe. Chimene chimachiza vutoli ndi tebulo lachidule: mzere umodzi pa tsamba lililonse patsiku, wokhala ndi chiwerengero cha maulendo ndi cha alendo. Matchati aziwerenga tebulo laling'onoli, ndipo mizere yatsatanetsatane izifufutidwa ikakwana masiku 90. Musanafufute chilichonse tengani backup. Pofufutapo musachotse mizere miliyoni ndi lamulo limodzi, tebulo lidzamangika kwa nthawi yaitali. Chotsani mizere 5,000 nthawi imodzi ndi LIMIT, mobwerezabwereza. Powonjezera chiwerengero musawerenge nambala mu PHP n'kuilembanso, chifukwa alendo awiri akafika pamodzi onse amawerenga 100, onse n'kulemba 101, mmodzi watayika. Lolani database iwonjezere yokha ndi INSERT ... ON DUPLICATE KEY UPDATE.

Ntchito yofupikitsa ndi kufufutayi imadalira WP-Cron, chida cha WordPress choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, ndipo WP-Cron si wotchi yeniyeni. Imadzuka pokhapokha mlendo wadzutsa PHP, zimene cache imachepetsa kwambiri. Ikani DISABLE_WP_CRON kukhala true mu wp-config.php, kenako pa seva konzani cron yeniyeni yoitana wp-cron.php mphindi 5 zilizonse.

Mlendo mmodzi timam'zindikira bwanji? IP yokha sikwanira, pakuti makampani a mafoni amadutsitsa anthu ambirimbiri pa IP imodzi. Cookie nayo ili ndi malire, Safari imafufuta yoikidwa ndi JavaScript pakatha masiku 7. Njira imene timaikonda n'kuphatikiza IP, User-Agent ndi mawu achinsinsi osintha tsiku lililonse, n'kuzipanga hash ya SHA-256 (mzere wa zilembo wobisa zimene zaikidwamo), IP yeniyeniyo osaisunga. Munthu yemweyo akabwera mawa awerengedwanso ngati watsopano, koma phindu lake n'lakuti mu database simukhala adiresi ya munthu. Zimenezi n'zofunika ngati muli ndi alendo a ku European Union, kumene lamulo la GDPR, logwira ntchito kuyambira pa 25 May 2018, limatenga IP ngati chinthu chozindikiritsa munthu. Musanasunge adiresi ya tsamba, dulaninso michira ngati fbclid ndi gclid, imene Facebook ndi Google amamata kumapeto kwa linki, apo ayi nkhani imodzi yogawidwa pa Facebook ioneka ngati masamba mazana osiyana.

Pa sikirini: tsamba latsopano lopanda linki iliyonse

Mukakonza, yesani motere. Pangani tsamba limene palibe akulidziwa, musaliike pa menyu, ndipo mulichotse mu sitemap, mndandanda wa masamba umene maloboti amawerenga. Litseguleni katatu pa kompyuta mu Incognito ndi kawiri pa foni yogwiritsa intaneti ya pafoni. Ngati pulagini yanu imawerenga kutsegula kulikonse, iyenera kuonetsa maulendo 5 ndi alendo 2. Maulendo akatuluka 10, khodi ikadali kawiri. Ulendo ukatuluka umodzi, cache ikadali panjira. Mlendo akatuluka mmodzi, bwererani ku IP. Kenako musakhudze cache, dikirani maola 25, mubwereze mayeso omwewo. Maulendo akafika 10 pamodzi ndi adzulo aja, ndiye kuti vuto la nonce latha.