Pasaka wa ku Chilomoni, ndi bodza la Ishtar limene lafika pa WhatsApp yanu

[Pa mlatho wa Shire, Mangochi boma]

Takulandirani abale anga! Phokoso mukumvalo ndi la akabaza, mundikhululukire. Magalimoto a ku Blantyre ayamba kale kudutsa kuno kulowera ku Nkopola ndi ku Cape Maclear, ndiye mwadziwa, Pasaka wayandikira. Musachoke msanga, chifukwa pali uthenga wina umene wandifika pa foni katatu sabata ino, ndipo lero tiwuthetsa. Dinani kaye subscribe, tipite.

Choyamba, mwachangu. N'chifukwa chiyani tsiku la Pasaka limasuntha? Limatsata mwezi wa kumwamba. Mukafika pa 21 Marichi, dikirani mwezi ukhale wathunthu, Lamulungu lotsatiralo ndiye Pasaka. Sangabwere 22 Marichi isanakwane, sangapitirire 25 Epulo. Mu 2024 anali pa 31 Marichi, mu 2025 pa 20 Epulo. Zatha.

Chachiwiri, mmene tinkachitira kwathu. Ine ndinakulira ku Chilomoni, mu mzinda wa Blantyre, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Lachisanu Loyera amayi ankatidzutsa kusanache, wailesi osatsegula, mpira osasewera. Tinkakwera phiri la Michiru pa Njira ya Mtanda, kuima malo khumi ndi anayi, kugwada pa miyala, azimayi atavala zitenje za mpingo akuyimba pang'onopang'ono. Mvula imakhala ikutsazika nthawi imeneyo, udzu wautali, mame mpaka m'mawondo. Agogo ankayenda ndi ndodo koma sankalola kuti wina awagwire dzanja.

Potsika, nyama m'nyumba munalibe. Ndiwo zinali usipa wa tomato ndi nkhwani. Ndili mwana sindinkadziwa kuti usipa umenewo unkachokera kunyanja kuno, pa matandala amene lero ndimawadutsa m'mawa uliwonse. Loweruka usiku ankakoleza moto panja pa tchalitchi, kandulo imodzi kuyatsa inzake mpaka mdima wonse kuthawa. Lamulungu ndiye tambala ankagwa. Mpunga, nkhuku yalokolo, Fanta mmodzi ana awiri, chimanga chowotcha cha m'munda wa kuseri kwa nyumba, malume atabwera kuchokera ku Ndirande ndi buledi m'khwapa. Lembani pansipa ngati kwanunso zinali choncho, ndikufuna kumva za ku Zingwangwa ndi ku Bangwe.

Chachitatu. Apa khalani pansi bwinobwino.

[Akuonetsa foni ku kamera]

Uthenga uwu ukuti Isitala (Easter, dzina la Pasaka pa Chingerezi) ndi chikondwerero cha mulungu wamkazi wa ku Babulo dzina lake Ishtar, kuti mazira ndi kalulu za pa Isitala ndi zizindikiro zake, ndipo aliyense wopita kutchalitchi tsikulo akupembedza fano. Azakhali anga, amene akhala akuyimba kwaya kuyambira ine ndisanabadwe, anandiyimbira mawu akunjenjemera. Akuti, "Mwanawe, ndiye zaka zonsezi takhala tikulakwa?" Ndinawayankha kuti, "Ayi azakhali, mtima pansi, ndikufotokozerani." Chimene chandikwiyitsa n'chimenechi, kuopseza anthu achikulire ndi nkhani yopanda mutu.

Yambani ndi dzina. Bodza lonseli laima pa mwendo umodzi, woti Easter ndi Ishtar zimamveka mofanana. Kumveka mofanana si ubale. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo ndi chinthu chimodzi? Ishtar analipodi m'chipembedzo cha ku Mesopotamia, kumene lero kuli dziko la Iraq, ndipo ankamutenga ngati mulungu wa chikondi ndi nkhondo. Zizindikiro zake zinali mkango ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu. Mazira ndi kalulu amene uthengawu ukumupachika, mulibemo.

Nanga mawu akuti Easter anachokera kuti? Mmonke wina wa kumpoto kwa England, dzina lake Bede, amene anamwalira mu 735, analemba kuti anthu a kwawo anali ndi mwezi wotchedwa Eosturmonath, wogwirizana ndi Epulo, ndipo chikondwererochi chinatenga dzina la mweziwo. Iye ananena kuti mweziwo unatchulidwa potengera mulungu wamkazi wakale wa kwawoko, Eostre. Mwamva? Wa ku England, osati wa ku Babulo, ndipo pamene dzinalo limamata, Akhristu anali atakondwerera kale Pasaka zaka mazanamazana. Pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325 maepiskopi ankakambirana kale za tsiku lake. Mkangano unali wa tsiku, chikondwererocho chinalipo kale.

Tsopano tamverani ichi, ndimachikonda kwambiri. Ndi zilankhulo zochepa zimene zili ndi mawu onga Easter, monga Chingerezi ndi Chijeremani chimene chimati Ostern. Ambiri amatchula mwina. Kwerani galimoto pano, mudutse Namwera, muwoloke pa Chiponde kulowa Mandimba ku Mozambique, mukamva akuti Páscoa. A ku France amati Pâques. A Chiswahili amati Pasaka, ngati ife. Onsewa akuchokera ku mawu a Chiheberi akuti Pesach, Paskha wa Ayuda wa pa Eksodo 12, usiku umene ana a Israeli anatuluka mu Igupto. Yesu anapachikidwa pa nthawi ya chikondwerero chimenecho, ndipo pa 1 Akorinto 5:7 Paulo akutchula Khristu kuti ndiye Paskha wathu. Ndiye agogo anga pokwera Michiru akunena kuti Pasaka, Ishtar analowera pati?

Amene anafalitsa kwambiri maganizo a Babulowa ndi m'busa wa ku Scotland, Alexander Hislop, m'zaka za m'ma 1850. Ankalimbana ndi mpingo wa Katolika, ndipo ankalumikiza mayina chifukwa chongofanana kamvekedwe. Akatswiri a mbiri ya ku Mesopotamia savomereza zimenezo. Uthenga wa pa foni yanuwo ndi chidzukulu cha maganizo amenewo, angouveka chithunzi chatsopano.

Wina ati, koma mpingo wanga sukondwerera Pasaka. Palibe vuto, m'bale wanga. Pano pa Mangochi timakhala khomo ndi khomo ndi abale athu achisilamu, chaka cha 2025 iwo ali pa Ramadani ife tili pa Lenti, ndipo sitinatukwanane. Kusakondwerera ndi ufulu wanu. Kunamizira anzanu kuti akugwadira fano ndiye ayi. Tumizani vidiyo ino ku gulu lija la pabanja limene linayambitsa nkhaniyi.

Chachinayi, mazira. Kale ku Ulaya anthu sankadya mazira pa Lenti, nkhuku n'kumaikirabe, ndiye pa Pasaka ankachuluka. Kalulu ndi mwambo wa ku Germany. Ku Chilomoni sitinauonepo.

Chachisanu, amene mukubwera kunyanja sabata ino, ana asasambe okha, ndipo pa Shire pali ng'ona, musayese dala.

Vidiyo ya sabata yatha ya kawambidwe ka chambo ili pamwambapa, ikuthandizani Lachisanu. Ine ndikuthamangira kumsika, azakhali akubwera mawa pa basi ya m'mawa ndipo anditumiratu usipa.