Chiromo, pomwe Ruo amakumana ndi Shire

Takulandirani abale anga, lero tatsikira kuchigwa, m'boma la Nsanje, pa Chiromo.  Shire akubwera kuchokera kumpoto atadutsa m'dambo lalikulu lija la Elephant Marsh, Ruo nayenso akutsetsereka kuchokera kuphiri la Mulanje, ndiye awiriwa amakumana pompano. Mukangooloka Ruo basi mwalowa mu Mozambique.

Munthu ukafika lero umangoona kamudzi, asodzi akusoka maukonde pamthunzi, mabwato ali ndandanda m'mbali mwa madzi, kutentha kwake kosasimbika, koma kalelo pano ndi pomwe panali khomo lolowera m'dziko muno. Mfumu ya Amakololo, Chipatula, inkalamulira dera lino mpaka mzungu wina wamalonda, George Fenwick, anaiwombera mu 1884. Mu 1889 Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto anafika pa Ruo akufuna kutenga dera la kumtunda, Angerezi anakana, ndipo pangano la 1891 ndi lomwe linaika malire pamtsinjewu. Sitima za pamadzi zochokera ku Chinde zinkakwera Zambezi nkulowa mu Shire kudzakocheza pano, katundu kutsitsa pano, azungu aboma, amishoni, amalonda, onse kudutsa pano, kenaka njanji yochokera ku Port Herald, komwe ndi ku Nsanje lero, kukafika ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908 ndipo inkaoloka Shire pa Chiromo pomwepa.

Tsono madzi omwe anakweza malowa ndi omwenso anawadula. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ndi msewu chapafupi pompano, pakati pa Bangula tsidya lina la Shire ndi Makhanga tsidya lino, ndiye anthu anayamba kuoloka pa bwato pamalo aja amati pa Mtayamoyo, tangoganizani m'bwato limodzi muli matumba a chimanga, njinga, mayi ali ndi mwana kumbuyo, wina akudwala akuthamangira kuchipatala, madzi ali m'mphepete mwenimweni mwa bwato komanso ng'ona zilimo. Ukaopa bwato ndiye uzungulire msewu wa East Bank mpaka pa Thabwa, ukaoloke pa mlatho wa ku Chikwawa kenaka ubwererenso kumunsi, ulendo wautali zedi pomwe Bangula akuonekera tsidya lomweli. Ine zimenezi zimandipweteka mtima kwabasi, chifukwa anthu a tsidya la Makhanga boma lawo ndi Nsanje, zambiri amakazipeza tsidya linalo.

Mu 2015 madzi anabweranso mwamphamvu, Makhanga anamira, ndipo mu 2023 namondwe wa Freddy anasesanso dera lomweli. Anthu ambiri amabwererabe madzi akaphwa, poti dothi la m'dimba ndi lachonde, chimanga ndi mbatata zimachita bwino ngakhale m'chilimwe, nsombanso zili pafupi.