Wapakati pamzere asatule ndowa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, makamaka inu amene mumatumikira m'makalabu ndi m'magulu othandiza anthu osalandirapo kanthu? Mawu athu m'mawa uno ali pa Agalatiya 6:9-10. Mukuwadziwa, ambiri tinawaloweza tili ana: tisaleme pochita zabwino. Ndiyambire pomwepo chifukwa ena mwa ife talema kale, tangotsala pang'ono kunena kuti basi, ena apitirize. Chonde musatule ndowa.

Nyumba ikamapsa kumalo kumene galimoto yozimitsa moto singafike, anthu amaima pamzere kuyambira potunga madzi mpaka pamoto, n'kumapatsirana ndowa. Woyamba amaona madzi. Wotsiriza amaona moto, kutentha kumamuwomba kumaso, ndipo lawi likagonja amaliona ndi maso ake. Koma anthu ambiri amakhala pakati. Wapakati amalandira ndowa yolemera kudzanja ili, kuipereka kudzanja ilo, madzi akumutayikira m'miyendo, chogwirira chikumudula zala, utsi ukumutsamwitsa, koma ngati madzi akewo akuzimitsa kanthu iye sadziwa. Kalabu yotumikira anthu ndi mzere woterewu, ndipo ambirife malo athu ndi pakati.

Sabata ino mtima wanga wakhala wolemera. Ku msonkhano wa kalabu yathu mipando yambiri inali yopanda anthu. Ochepa amene tinabwera tinazungulira tebulo n'kumasankha magalasi a maso akale amene anthu anapereka: kutsuka ndi sopo, kupukuta, kupatula osweka, abwino kulongedza. Ena anali omangidwa ndi ulusi pokolekera kukhutu, kuonetsa kuti mwini wake anawavala mpaka pomaliza asanapeze ena. Tili mkati mwa ntchitoyo, bambo wina wachikulire amene ndimamulemekeza kwambiri, amene watumikira zaka zambiri kuposa ine, anaika magalasi pansi n'kufunsa motsitsa mawu: “Kodi zinthuzi zimafikadi? Nanga ndalama timatumiziranji kwa anthu akutali pamene ovutika ali pakhomo pomwepa?” Sanafunse mokwiya. Anafunsa ngati munthu amene manja achita dzanzi. Palibe amene anamuyankha, ndipo funsolo ndinapita nalo kunyumba, ndinagona nalo, ndadzuka nalo.

Bambo anga, ngati mukuwerenga mawuwa, funso lanu ndi labwino ndipo silikuchotsani pamzere. Koma ndowayo igwirenibe pamene tikukambirana.

Makalabu akuluakulu amene timawamva lero anayamba ndi manja ochepa. Pa 23 February 1905, loya wina wa ku Chicago, Paul Harris, anakumana ndi anzake atatu basi, ndipo Rotary inabadwa pamenepo. Ntchito yawo yoyamba yothandiza mzinda, mu 1907, inali yolimbikira kuti pamangidwe zimbudzi zoti aliyense azigwiritsa ntchito. Si ntchito yoti munthu n'kudzitama nayo, koma anthu ankaifuna. Mu 1917 anayambitsa thumba lothandizira anthu padziko lonse, ndipo mphatso yoyamba kulowamo inali madola 26.50, yochokera ku kalabu ya ku Kansas City. Amene anasonkha ndalama imeneyo anamwalira osaona kumene ndowa yawo inakafika.

Kumene inakafika tikukudziwa ife. Mu 1979 Rotary inayamba kuthandiza pa katemera wa poliyo kwa ana a ku Philippines, ndipo mu 1985 inatenga nkhondo yolimbana ndi nthendayi kukhala yake padziko lonse. Pamene mabungwe a WHO ndi UNICEF pamodzi ndi ena anagwirana nawo manja mu 1988, poliyo inkapundula anthu pafupifupi 350,000 pachaka, ambiri mwa iwo ana, m'mayiko 125. Lero kachilombo koyambitsa nthendayi, kamene kamangofalikira kokha, katsalira m'mayiko awiri, Afghanistan ndi Pakistan. Mu August 2020 chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chathana nako. Taganizani manja amene madontho awiri a katemerayu amadutsamo asanagwere m'kamwa mwa mwana. Wina anaponya kangachepe m'mbale ya kalabu. Wina analemba risiti. Wina anayendetsa galimoto usiku kuti katemera asatenthedwe panjira. Mayi wina ananyamula kabokosi kozizira paphewa, kuyenda khomo ndi khomo, ndipo atamwetsa mwana anamupaka inki pakachala kuti adziwike kuti walandira. Mwa onsewa, ndi mayi yekhayo amene anaona nkhope ya mwanayo. Enawo anali apakati, ngati inu ndi ine.

Tsono za akutali. Mu 2022 kachilombo kaja kanapezekanso ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo ofufuza anapeza kuti mtundu wake unali wa ku Pakistan. Moto sufunsa malire a dziko. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwana amene wamwa madontho ku Karachi akutchinjiriza mwana wanu, ngakhale awiriwa sadzakumana.

Koma ngakhale kukanakhala kuti sitipindulapo kanthu, mpingo woyamba sunadikire kupindula. Mneneri Agabo atalosera za njala m'masiku a Klaudio, mfumu ya Aroma, akhristu a ku Antiokeya anasonkha, aliyense monga anathera, n'kutumiza kwa abale a ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Kodi ku Antiokeya kunalibe amasiye? Analipo. A ku Makedoniya, amene Paulo akuti anali pa umphawi wadzaoneni, anachita kupempha kuti awalole kuthandiza nawo anthu amene sanawaonepo. Ine mawu amenewo amandikhudza nthawi zonse: osauka kupempha mwayi wonyamula nawo ndowa. Ndipo vesi 10 ya mawu athu a lero ikuti tichitire zabwino anthu onse. Onse, abale.

Apa ndichenjezenso a mbali inayi, pakuti nawonso alipo. Pali ena a ife amene kutumiza thandizo kutali kumatikomera chifukwa munthu wakutali satigogodera chitseko. Timapereka ku thumba la ngozi za kumayiko ena, koma agogo amene ali nyumba yoyandikana nayo sitinawazonde, kokapereka magazi sitinapite, tsiku loyeretsa kuchipatala tinali ndi chifukwa. Mzere umayambira pamene mwaima. Simungapatsire ndowa munthu wa kutsidya la nyanja mutalumpha amene ali pambali panu. Chapafupi ndi chakutali si adani. Ndi mzere umodzi, kungoti ndi wautali.

Nanga zoti zimafikadi? Pamenepa mpofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri abwino anachoka m'magulu athu osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa anaona ndowa yobooka ndipo palibe amene anafuna kuisoka. Ndowa yodontha imalemetsa aliyense pamzere koma pamoto imafika yopanda kanthu. Paulo yemweyo amene anatiuza kuti tisaleme sananyamule yekha chopereka cha mipingo. Werengani 2 Akorinto 8:18-21. Anatumiza Tito pamodzi ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke wonena zoipa pa kayendetsedwe ka mphatsoyo, pofuna kuchita zokoma pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu. Ngati mtumwi analola kuperekezedwa, ife ndife yani kuti tikwiye wina akapempha kuona mabuku? Inu asungichuma, werengani lipoti lanu poyera, ndalama iliyonse ndi risiti yake, ngakhale anthu akuyasamula. Inu atsogoleri, musanapereke ndalama za gulu ku bungwe lililonse, la pafupi kapena la kunja, funsani ngati linalembetsedwa, ngati limatulutsa malipoti a chuma, ndi kuti pa ndalama zimene limalandira ndi zingati zimene zimafika kwa anthu. Kufunsa koteroko si kuchepa chikhulupiriro. Ndi kusoka ndowa kuti thukuta la anzanu lisapite pachabe. Soka, m'bale wanga, koma usachoke pamzere.

Ndiye pali ife okonda kutsogolo. Ndinene mwachikondi. Tsiku lopereka katundu, pamene pali ojambula ndi alendo olemekezeka, mipando imachepa. Tsiku lotsuka magalasi mipando imatsala. Tonse tikathamangira kumene kuli lawi kuti tioneke tikuthira, ndani apatsire madzi? Tidzaima pamoto tili khamu, manja ali lende, nyumba ikupsa. Chithunzi pa Facebook si choipa, chimaitana ena kuti abwere. Koma dzifunseni m'mawa uno kuti ndi liti pamene munagwira ntchito ya gulu imene palibe anaijambula. Ambuye anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo wapakati pamzere ndiye amakhala m'mawu amenewa tsiku ndi tsiku.

Ku ukwati wa ku Kana, ntchito ya atumiki inali kutunga madzi. Mitsuko yamwala isanu ndi umodzi, ikuluikulu, anaidzaza mpaka pakamwa. Kusandutsa sikunali kwawo. Ife timalema chifukwa timafuna kunyamula ziwiri, ndowa ndi chozizwitsa chomwe, ndiye tikapanda kuona kusintha timati tagwira pachabe. Chanu ndi kudzaza.

Magalasi aja ndawaganizira kwambiri. Mu 1925, pa msonkhano wa makalabu otumikira anthu a Lions ku Cedar Point m'chigawo cha Ohio, Helen Keller, mayi amene anasiya kuona ndi kumva ali khanda, anaima pamaso pa amuna a makalabu amenewa, amene anali atangoyamba mu 1917, n'kuwapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona. Anamvera. Mpaka lero makalabu a Lions m'mayiko ambiri amasonkhanitsa magalasi akale, kuwayeza mphamvu yake, kuwalongedza ndi kuwatumiza kumene anthu sangathe kugula. Mayi ameneyu sanaone nkhope ya munthu ngakhale mmodzi mwa amene anathandizidwa chifukwa cha pempho lake. Ndipo kwinakwake kuli telala amene anasiya kusoka chifukwa ulusi sukulowanso pa singano, kuli mayi amene anasiya kuwerenga Masalimo chifukwa zilembo zikusakanikirana. Magalasi amene tinapukuta ndi manja otopa aja akupita kwa munthu woteroyo. Dzina lake sitidzalimva, iyenso lathu sadzalimva, koma pa nyengo yake, monga mawu athu akunenera, zipatso zidzaoneka.

Ndisabise, kulema kulipo ndithu, ndipo si tchimo. Yesu yemwe anakhala pansi pachitsime cha Yakobo atatopa ndi ulendo. Ngati manja achita dzanzi, ngati pakhomo pali matenda, ngati ntchito yakupanikizani, nenani. Itanani mnzanu aime pamalo panu, mupume, mubwerenso. Chimene chimapweteka gulu ndi kuzimiririka mwakachetechete. Munthu akachoka pamzere osanena, amene ali kumanzere kwake amatambasula ndowa n'kupeza palibe wolandira, madzi n'kutayika, ndipo awiri otsalawo amayamba kuthamanga mtunda umene unali wa atatu. Ambiri amene akulema m'magulu athu akulema chifukwa akuthamanga pamalo a anthu amene anachoka osatsanzika. Ngati ndinu amene munachoka chotero, palibe amene akukuweruzani. Malo anu akadalipo, ndipo tikukusowani.

Ndipo inu amene mwatsala, lero lino imbirani foni mmodzi mwa amene mipando yawo inali yopanda munthu. Musayambe ndi kumufunsa za ndalama ya umembala imene sanapereke. Mufunseni kuti ali bwanji, ana ali bwanji, ndipo mumvetsere yankho lake lonse.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha tsiku latsopanoli. Tikupempherera bambo athu amene afunsa ndi mtima wotopa, muwalimbitse ndi kuwapatsa yankho loposa langa. Tikupempherera asungichuma a magulu athu kuti manja awo akhale oyera ndi mabuku awo oongoka. Tikupempherera amayi ndi abambo amene akuyenda khomo ndi khomo ndi katemera ku Pakistan ndi ku Afghanistan, kumene ena mwa anzawo anaphedwa ali pa ntchito imeneyi; muwateteze, abwerere kwa ana awo madzulo ano. Kumbukirani odwala amene sitinawazonde, ndipo mutipatse miyendo yopitira kumeneko sabata isanathe. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.